Nyuzipepala Yanena Zake, Tsopano Tiyeni Tikafunse

Abale anga a ku Golomoti, agogo a agogo anu adafika bwanji kuno?

Musafulumire kunena kuti simukudziwa. Mukudziwa kanthu. Banja lililonse pano lili ndi nkhani yake. Ena amati ife tidatsika phiri pamodzi ndi a Kachindamoto. Ena amati kwathu kwenikweni ndi ku Domwe, kutsidya kwa malire. Ena amati agogo adabwera ndi njanji, adakwatira konkuno, osabwereranso. Ena kholo lawo lidali Myao wamalonda. Ena lidathawa nkhanza za Apwitikizi, mtolo kumutu, ana kumbuyo. Tonse pano tili ndi ulendo m'magazi mwathu.

Masiku ano nkhanizi zapeza mnzake watsopano, chithunzi cha nyuzipepala yakale. Wina wachijambula kwinakwake, chayenda m'mafoni mpaka chafika pa gulu la banja. Pepala lachikasu, zilembo zofufutika, ndipo pakati pake pali dzina lofanana ndi lathu. Tsiku palibe. Mutu wa nyuzipepalayo udaduka. Koma mtima wagunda kale. Wina akuti, "Si awa agogo aja!" Wina akuti, "Zabodza izi, zolemba azungu." Mkangano utha, foni ibwerera m'thumba, ndipo palibe amene wanyamuka.

Ife tinyamuke. Kumeza pepalalo osatafuna n'kosavuta. Kulitaya n'kosavutanso. Ntchito yeniyeni ndi kuliyesa, ndipo ntchito imeneyi tingaithe.

Tingaithe chifukwa tidakula tikuiona. Pabwalo la mfumu mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi. Mboni imayimirira, imanena zake, kenako akuluakulu amaifunsa: udalipo? Udaona ndi maso kapena udangomva? Wodandaulayu ndi ndani wako? Ikatha imeneyo amaitana ina. Nyuzipepala yakale ndi mboni. Ikhale pansi, tiimve mwaulemu, tiipanikize ndi mafunso, kenako tiitane zinzake. Luso limeneli simukaliphunzira ku yunivesite. Muli nalo kale.

Funso loyamba: walemba ndani, ndipo amalembera yani?

Nyuzipepala zoyamba m'dziko muno sizidalembedwere agogo athu. British Central Africa Gazette idayamba kutuluka ku Zomba mu 1894, ndipo idali pakamwa pa boma la atsamunda. Central African Planter idayamba mu 1895 kuti itumikire azungu a minda. Pambuyo pake idasanduka Central African Times, kenako mu 1908 Nyasaland Times, kholo la Daily Times ya lero. Olemba ake ambiri sankalankhula chilankhulo cha anthu amene ankawalembawo. Nkhani inkachoka kwa mboni, kupita kwa womasulira, kupita kwa bwanamkubwa wa boma kapena mwini esiteti, kenako n'kufika kosindikizira. Panjira yonseyo dzina linkapindika, chiwerengero chinkafufuma, ndipo munthu woteteza mudzi wake ankatha kulembedwa ngati chigawenga.

Taganizirani za Inkosi Gomani woyamba, amene asilikali a boma la atsamunda adamupha mu Okutobala 1896. Amene adali ndi inki ndi makina osindikizira nthawi imeneyo ndi mbali yomwe idamupha. Pitani ku Ntcheu, khalani pansi ndi Angoni a kwa Gomani, mumve mmene iwo amaikambira imfa imeneyi. Mukamva mbali zonse ziwiri mudzaona zimene pepala lidasunga bwino, monga mwezi ndi chaka, ndi zimene lidasiya dala. Ngati zidatero kwa inkosi, nanga kwa agogo athu amene adali anthu wamba?

Komatu musakwiye n'kutseka buku. Mboni yokondera imathanso kunena tsiku loona. Imatha kutchula mtsinje woona, mudzi woona, dzina la mfumu loona. Tolani zimenezo. Ndipo si nyuzipepala zonse zidali zachingerezi. Kudali Mthenga wa amishoni a Dutch, kudali Msimbi, kudali Bwalo la Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. M'menemo anthu athu ankalemba okha makalata, m'chilankhulo chawo. Nazonso zifunseni funso lomwelo: mwini wake adali ndani?

Funso lachiwiri: dzina ili ndi la munthu wathu, kapena langofanana?

Apa m'pamene ambiri timagwera, chifukwa mtima umafuna kuti akhale iyeyo. A Phiri ndi ambiri. A Banda ndi ambiri. A Maseko ndi ambiri. Dzina lokha silikwanira. Lifunika kukumana ndi mudzi, ndi chaka, ndi dzina la mkazi kapena la mbale. Zikakumana zitatu, yambani kumwetulira. Chikakhala chimodzi, pitirizani kukumba.

Kumbukiraninso kuti agogo athu sankakhala ndi dzina limodzi moyo wonse. Lina la paubwana, lina la kuchinamwali, lina la paubatizo, lina lopatsidwa ndi kapitawo kuntchito. Munthu mmodzi, mayina anayi. Malo nawonso adasintha mayina. Mangochi mukayipeza ngati Fort Johnston, Nsanje ngati Port Herald, Chipata ngati Fort Jameson, Harare ngati Salisbury. Dedza yathu yomweyi kale inkawerengedwa m'chigawo cha Central Angoniland. Ntcheu ankailemba Ncheu, Inkosi Chikuse ya Angoni ena ankailemba Chikusi. Lembani masipelo onse papepala musanayambe kusaka. Amene akusaka ndi dzina limodzi amabwerako chimanjamanja pamene munthu wake ali pomwepo patsamba.

Tsopano mboni yachiwiri, ndipo iyi ndiye yaikulu. Ili m'nyumba mwanu. Ili pakhonde. Mwina panopa ikusenda chinangwa.

Pali anthu amene amanyoza nkhani zapakamwa, amati zopanda umboni. Auzeni izi. Angoni a Zwangendaba ankasimba kuti tsiku limene adawoloka Zambezi dzuwa lidada masana. Kwa zaka zambiri imeneyi idali nkhani ya agogo chabe. Akatswiri a zakuthambo atawerengera m'mbuyo adapeza kuti kadamsana adachitikadi m'dera limenelo mu Novembala 1835. Anthu opanda kalendala adasunga tsiku m'mutu, mibadwo ndi mibadwo, mpaka sayansi idabwera kudzavomereza. Ndiye wina azikuuzani kuti mawu a agogo anu alibe ntchito?

Koma nkhani yomweyi ili ndi chenjezo kwa ife a kuno. Amene adawoloka tsiku la kadamsanalo ndi gulu la Zwangendaba, makolo a Angoni a ku Mzimba ndi a kwa Mpezeni. Angoni a kuno ndi a Maseko, ndipo ulendo wawo udali wina. Adayenda mpaka ku Songea, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, adabwerera, n'kudzakhazikika cha ku Domwe. Kumeneko banja lachifumu lidagawikana, mbali ya Chikuse ndi mbali ya Chifisi. Awiriwo adamwalira mu 1891, mkangano udapitirira pakati pa Gomani ndi Kachindamoto, ndipo m'zaka zomwezo anthu a Kachindamoto adatsikira kuno kuchigwa cha kunyanja. Choncho mukamva m'banja mwanu nkhani ya dzuwa lakuda, funsani bwino. Kodi idachokera kwa agogo, kapena idalowa kudzera m'buku la kusukulu? Nkhani zimabwerekana. Ntchito yathu ndi kuzindikira yathu.

Pitani kwa agogo aakazi. Pitani kwa atsibweni. Pitani kwa azakhali aja amene aliyense amati amalongolola. Olongolola ndiwo amasunga mbiri! Tengani kashuga ndi sopo, khalani pamphasa, musafulumire. Foni yanu ili ndi rekoda. Pemphani chilolezo, itsegulani, muiike pansi. Golomoti lero ndi kwawo kwa magetsi a dzuwa, siteshoni ya mamegawati 20 idayamba kugwira ntchito mu 2022 pakhomo pathu pomwepa. M'badwo umene ukuona zimenezi sungalephere kusunga mawu a gogo mmodzi.

Ndipo funsani mwanzeru. Musanene kuti, "Agogo, paja tidachokera ku Swaziland eti?" Adzangoti eya kuti akusangalatseni. Nenani kuti, "Agogo, amayi anu adabadwira kuti? Nanga amayi awo? Manda awo ali kuti? Mfunda wawo udali chiyani? Ankalankhula bwanji? Ndani adawapatsa malo pano?" Pepala lija musaliwonetse poyamba. Asimbe okha kaye. Akatchula okha mtsinje umene uli m'nyuzipepala muja musanawauze, mwapeza chinthu cholemera.

Musaiwale mbali ya amayi. Mapepala a boma ankakonda kulemba amuna, chifukwa amuna ndiwo ankalembedwa ntchito ndi usilikali. Koma m'midzi yambiri kuno mbumba imayenda ndi bele. Mwamuna ankabwera chikamwini, mudzi n'kukhala wa akazi. Mukatsata abambo okhaokha mudzasochera pa m'badwo wachitatu. Tsatani mizere yonse iwiri.

Zaka musadandaule nazo. Agogo ambiri alibe setifiketi ya kubadwa, chifukwa kalembera wokakamiza wa ana onse ndi wa posachedwapa, ndipo ziphaso za unzika tidalandira mu 2017. Koma ali ndi kalendala yawo. Afunseni: nthawi ya nkhondo ya Chilembwe, amayi anu adali atabadwa? Imeneyo ndi 1915. Nthawi ya mtengatenga, amuna akunyamula katundu wa nkhondo? Imeneyo ndi 1914 mpaka 1918. Sitima itayamba kudutsa pano kupita ku Salima? Njanji imeneyi idatha kumangidwa mu 1935. Njala yaikulu ija? 1949. Anthu akumangidwa nthawi ya chitaganya? Marichi 1959. Mwaona? Mwapeza kale zikhomo zisanu zokolekapo mbiri ya banja lonse.

Mukatha kwa gogo mmodzi, pitani kwa wina amene sakhala naye nyumba imodzi. Akasiyana mawu musakhumudwe. Lembani zonse ziwiri, ndi dzina la wonena, ndi tsiku limene wanena.

Mboni yachitatu ili pamtunda wa minibasi imodzi. Ife a ku Golomoti tili ndi mwayi umene anthu a madera ambiri alibe. Tili ndi Mua.

Ansembe a White Fathers adatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Anthu a mpingo amenewa ankalemba. Ankalemba ubatizo, ankalemba maukwati, ankalemba maliro. M'kaundula wa ubatizo mumakhala dzina la munthu, mayina a makolo ake, mudzi wake, tsiku, ndi amene adamuimira. Mzere umodzi wotere ungakupatseni mibadwo iwiri nthawi imodzi. Mabuku akalewo ambiri adalembedwa m'Chilatini, ndiye Petulo wanu mukampeza ali Petrus, Yohane ali Joannes. Zisakuopseni. Pitani ku ofesi ya parishi, dzidziwitseni, fotokozani chimene mukufuna, pemphani mwaulemu, ndipo mukhale okonzeka kudikira tsiku limene iwo ali ndi mpata.

Ansembewo ankasunganso buku la zochitika za tsiku ndi tsiku, m'Chifalansa. Wolemba mbiri Ian Linden adagwiritsa ntchito mabuku otere polemba za Akatolika ndi Achewa m'buku lake la 1974, ndipo Mua ndi dera la Kachindamoto zili m'kati mwenimweni mwa nkhaniyo. Taonani, munthu adachoka kutali kudzawerenga za midzi yathu. Ife tili pompano.

Pa Mua pomwepo pali Kungoni, malo a chikhalidwe ndi luso amene Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa mu 1976, ndi nyumba ya mbiri ya Chamare yofotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao. Alendo amakwera ndege kudzaona. Inu mudalowamo? Lowani ndi kope m'manja. Mukatuluka mudzadziwa mafunso amene simunawaganizire.

Ngati banja lanu ndi la CCAP, mabuku a mpingo aliko, ndipo Nkhoma si kutsidya kwa nyanja. Ngati ndi la Chisilamu, pitani kwa mashehe achikulire, amadziwa adaphunzitsa ndani, adachokera kuti, adamanga mzikiti woyamba ndani. Ndipo pali mfumu ya mudzi. Mfumu ndi nduna zake amadziwa banja lililonse lidalandiridwa liti, lidapatsidwa malo ndi yani. Kumanda nakonso kuli mayina ndi zaka, koma kumeneko sitilowa mwachisawawa. Yambani mwapempha kwa eni mudzi.

Mukafika apa, pepala lija layamba kale kuoneka mwina. Mwina lalimba. Mwina lagwedera. Tsopano kasakeni nyuzipepala yeniyeniyo, yathunthu, yokhala ndi tsiku lake.

Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, nkhokwe ya zolemba za dziko lino, imene idayamba mu 1947. Ndi yanu. Ndi ya Mmalawi aliyense. Kuli nyuzipepala zakale, kuli mafayilo a boma, kuli mabuku amene ma DC ankalembamo za mafumu ndi midzi ya m'maboma awo. Ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala, kuli laibulale ya Society of Malawi. Pitani mutakonzeka: mayina onse, masipelo onse, zaka zimene mukuganizira, dzina lakale la dera. Mukaipeza nkhaniyo, werengani tsamba lonse. Werenganinso nyuzipepala ya sabata yotsatira, chifukwa nthawi zina wina ankayankha kapena kutsutsa. Lembani dzina la nyuzipepala, tsiku ndi tsamba, kuti mdzukulu wanu asadzayambirenso pa ziro.

Dziwiranitu kuti zina simukazipeza. Mu 1919 moto udawononga maofesi a boma ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira zidapsa. Fayilo ikasowa sindiye kuti agogo anu adanama. Ndiye kuti mboni imodzi idafa, ndipo muyenera kulimbikira pa zotsalazo. Thiransipoti yavuta? Sonkhani. Banja limene limasonkha za ukwati ndi za chiliza lingathe kusonkha ya munthu mmodzi wopita ku Zomba. Muli ndi mwana ku yunivesite komweko? Mtumeni. Mpatseni mafunso olembedwa bwino, akagwire ntchito ya banja.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kunena poyera, chifukwa chimafuna mtima wolimba. Mukhoza kupeza zimene simunkafuna. Mudakula mukumva kuti ndinu a magazi achifumu ochokera kumwera, kenako mupeza kuti kholo lanu lidali Mchewa kapena Mntumba wogwidwa pankhondo, amene adakulira pakati pa Angoni n'kutenga chiwongo chawo. Zidachitikira anthu ochuluka zedi, ndipo ndi mmene mtundu wa Angoni udakulira. Mwina mupeza kuti gogo wina adagulitsidwa ukapolo. Mwina mupeza kuti wina ndiye ankagulitsa anzake. Mwina amene nyuzipepala idamutcha wakuba adabadi.

Musabise. Musang'ambe tsamba. Mtsikana wogwidwa pankhondo amene adapirira, adalima, adabereka, adalera, mpaka inu mukuwerenga nkhani ino lero, ameneyo ndi ngwazi ya banja lanu. Ayenera kutchulidwa dzina lake lenileni. Takhala tikumuveka mbiri ya anthu ena kwa nthawi yaitali. Mubwezereni yake.

Ndipo ulendo sudathere pano. Ife amene tidalandira obwera tidatumizanso athu kunja. Adapita ndi Wenela ku migodi ya ku Joni. Adapita ndi Mthandizi ku mapulazi a ku Rhodesia. Ena adapita wapansi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu a ku migodi. Ambiri mwa amene adapita zaka zam'mbuyomo sadabwerere. Tidawatcha matchona. Lero ku Harare, ku Bulawayo, ku Johannesburg kuli adzukulu awo amene akungodziwa mawu awiri kapena atatu: Dedza, Kachindamoto, mwina Golomoti. Kwa iwo, kholo lobwera ndi mwana wa mudzi uno. Akusaka ife monga ife tikusakira a ku Domwe. Tsiku lina mmodzi adzatsika basi pamsika apa ndi kachithunzi m'manja. Kodi adzapeza munthu wokhala ndi kope lomuyankha? Akupezeni inuyo.

Musanene kuti ntchito imeneyi ndi ya maprofesa. Samuel Josia Nthara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo adafunsa akuluakulu mpaka adalemba Mbiri ya Achewa. Yohanna Abdallah adali wansembe, ndipo mu 1919 buku lake la mbiri ya Ayao lidatuluka. K. D. Philip adatisiyira Onani Angoni. Anthu amenewa adalibe foni, adalibe intaneti, adalibe kamera m'thumba. Adali ndi miyendo, makutu ndi pensulo. Inu muli nazo zonsezo, ndi zina pamwamba. Mabuku awonso muwawerenge ngati mboni, muwafunse mafunso omwe aja.

Ndiye gulani kope. La masamba ambiri, lachikuto cholimba. Tsamba loyamba lembani dzina lanu, la amayi, la abambo, la agogo anayi. Pamene simukudziwa siyani mpata, mpatawo ndiwo udzakudzutsani m'mawa. Mfundo iliyonse muziipatsa chizindikiro chake. Iyi ndaitsimikiza ndi mboni ziwiri kapena zitatu. Iyi ndamva kwa munthu mmodzi, uje, tsiku lakuti. Iyi ili m'nyuzipepala koma sindinaipezere mnzake. Musachite manyazi ndi gulu lachitatuli. Kulemba kuti "sizinatsimikizike" ndi ntchito ya wofufuza weniweni, ndipo kumapatsa wobwera pambuyo panu poyambira.

Gawanani ntchito. Wina atenge mbali ya amayi, wina ya abambo. Wodziwa chingerezi awerenge mapepala. Wokondedwa ndi agogo agwire rekoda. Wa foni yabwino ajambule makadi a ubatizo, ziphaso zakale za msonkho, makalata a ku Joni amene ali pansi pa sutikesi, chiswe chisanawapeze. Zojambulazo zisungeni malo awiri, chifukwa foni imatayika. Achinyamata amene mukuti mulibe chochita, nayi ntchito. Aphunzitsi, apatseni ana a sukulu funso limodzi loti akafunse kunyumba. Opita ku Umhlangano ku Nkolimbo, opita ku Kulamba ku Mkaika, opita ku Mulhako ku Chonde, musamangovina n'kubwerera. Kumeneko kumasonkhana nkhalamba za mfunda wanu zochokera mbali zonse. Nyamulani kope.

Chimodzi chokha sichidikira. Mapepala a ku Zomba adzakhalapo chaka chamawa. Kaundula wa ku Mua adzakhalapo. Koma anthu amene adaona njala ya 1949 ndi maso awo, lero ali ndi zaka zoposa 80. Amene adamva nkhani za kutsika phiri kuchokera pakamwa pa otsikawo atsala owerengeka. Yambani ndi wamkulu kuposa onse. Sabata ino. Musadikire kukolola, musadikire tchuthi, musadikire kuti mupeze ndalama.

Mukadzaza masamba khumi oyamba, itanani banja. Khalani pansi pa mtengo, muwerenge mokweza. Atsibweni adzakudulani mawu, adzati ayi, ameneyo sadali mwana wa uje, adali mphwake. Azakhali adzakumbukira dzina limene lidasowa zaka makumi atatu. Wina adzalowa m'nyumba n'kutuluka ndi chithunzi chimene simunachionepo. Konzani pomwepo, lembani tsiku, ndipo musanabalalike sankhani amene akupita ku Mua Lolemba.